Benz yogona pansi pa mtengo wa mango ingathe kuukanso

MUNTHU akamayenda mu mseu wa Great East kucoka ku Sinda kupita ku Katete, kapena akakhotela mu mseu wa ku Chanida, sangalephele kuona mamotoka akale amene anaimikidwa kuseli kwa nyumba ndi m'magalaji. Ena anakhazikidwa pa njelwa ndipo matayala anacotsedwa kale. Ena nkhuku zimaikilamo mazila, ena anasanduka mosungila matumba a feteleza. Ambili mwa iwo ndi ma Peugeot, ma Datsun ndi ma Land Rover amene anagwila nchito mpaka kutopa. Koma mwa apa ndi apo pamapezeka motoka yosiyana ndi inzake, yotsika denga, yamphuno yaitali, ya zitseko ziwili cabe. Azungu amaicha coupe.

Masiku ano ogula zitsulo zakutha, aja a sikilapu, afika paliponse ndi sikelo zao. Iwo safunsa dzina la motoka kapena caka cimene inapangidwa, amafunsa makilogalamu. Banja likapanikizika ndi ndalama za sukulu kapena za mbeu, motoka ya malemu atate imadulidwa ndi gasi tsiku limodzi n'kukwezedwa pa lole. Cimene ambili sadziwa n'cakuti m'maiko ambili muli anthu amene amafunafuna mamotoka otele kuti awakonze pang'onopang'ono Loweluka ndi Sondo, monga mmene ena amakondela kuweta nkhunda kapena kusamalila dimba. Nkhani ino ndi ya inu amene muli ndi motoka yotele pakhomo, ndiponso inu amene mukulakalaka kugula imodzi kuti muiutse.

Kodi coupe ndi motoka yotani?

Coupe siinapangidwe kuti izinyamula cimanga kapena banja lonse kupita ku maliro ndi ku maukwati. Inapangidwila anthu awili okhala kutsogolo, ndipo mipando ya kumbuyo imakhala yopanikiza. Opanga mamotoka ankaikamo injini yamphamvu, mipando yabwino ndi matabwa osalala pa dashibodi, ndipo mtengo wake unali wokwela kuposa wa motoka ya zitseko zinayi ya kampani yomweyo.

Citsanzo codziwika ndi Mercedes-Benz SLC. Inaonetsedwa koyamba ku Paris mu 1971 ndipo anasiya kuipanga mu 1981. Zoyamba zinali ndi injini ya V8 ya malita 3.5 ndi 4.5, ndipo mu 1974 kunabwela 280 SLC ya masilinda 6. Imadziwika msanga ndi timizele toimilila pa galasi la m'mbali ca kumbuyo. Ngakhale inali motoka ya anthu olemela, inaonetsa mphamvu zake m'miseu ya fumbi ya muno mu Africa. Mu 1979, pa mpikisano wa Bandama ku Ivory Coast, ma 450 SLC 5.0 anatenga malo onse anayi oyamba, Hannu Mikkola wa ku Finland ali patsogolo. Caka cotsatila Björn Waldegård anapambananso mpikisano womwewo ndi 500 SLC. Codabwitsa n'cakuti mamotokawa anali a giya yosintha yokha.

Inanso ndi Peugeot 504 Coupé ya mu 1969, imene bodi yake inakonzedwa ndi kampani ya Pininfarina ku Italy. Mu 1978 Jean-Pierre Nicolas anapambana nayo mpikisano wa Safari ku Kenya. Datsun 240Z inapambana Safari mu 1971 ndi mu 1973. Ku South Africa kampani ya Basil Green Motors inkatenga Ford Capri n'kuikamo injini ya V8, ndipo inkachedwa Capri Perana. Palinso Mercedes 280 CE, imene inapangidwa kuyambila mu 1977 mpaka 1985, m'bale wake wa Benz ija ya zitseko zinayi imene akuluakulu a boma ndi amalonda ankayendela. Dziko lathu nalonso silinali kutali ndi cikondi ca mamotoka othamanga, pakuti Satwant Singh anakhala katswili wa African Rally Championship maulendo 8.

Anafika bwanji pa njelwa?

Zaka zoyamba za ufulu mkuwa unali ndi mtengo wabwino ndipo ndalama ya Zambia inali yamphamvu. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 kampani ya Livingstone Motor Assemblers inayamba kulumikiza ma Fiat muno momwe. Koma mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa, ndalama zakunja zinasowa, ndipo masipeya anayamba kuvuta. Motoka yodula ikaonongeka kacitsulo kamodzi, mwini wake ankaiimika n'kunena kuti aikonza sipeya ikapezeka. Miyezi inasanduka zaka.

Zinthu zitasintha mu 1991, malonda anatseguka ndipo mamotoka a kaunjika ocokela ku Japan anayamba kulowa kudzela ku Durban ndi ku Dar es Salaam. Kugula Corolla kunakhala kochipa kuposa kuutsa Benz yakale, ndiponso Corolla siikumwa petulo wambili. Anthu ena atapuma pa nchito ku migodi kapena ku Lusaka anabwelela kumudzi ndi mamotoka ao akale, ndipo pamene anawaimika ndi pamene ali mpaka lelo.

Yambani ndi mapepala

Safunsa anadya phula. Musanagwile sipanala, funsani buku la umwini wa motoka, lija timalicha white book. Onani ngati nambala ya chassis ndi ya injini zimene zalembedwa m'bukumo zikugwilizana ndi zimene zinadindidwa pa citsulo. Ngati buku linatayika, kapena injini inasinthidwa, pitani kaye ku ofesi ya Road Transport and Safety Agency ku Chipata ndi ku polisi kuti akuuzeni zofunika kucita. N'zomvetsa cisoni kuthela ndalama zaka zitatu pa motoka imene pamapeto pake simungathe kuilembetsa m'dzina lanu.

Mamotoka ambili ogona pakhomo eni ake anamwalila, ndipo apa ndi pamene pamabukila milandu. Pa mwambo wa Acewa cuma cinkatsata ku cikazi, ndipo mpaka lelo pali aphwa amene amaona kuti katundu wa amalume ndi wao. Koma lamulo la Intestate Succession Act la mu 1989, lokhudza cuma ca munthu womwalila osasiya wilo, limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Munthu amene khoti lamusankha kuyang'anila cuma ca masiye si mwini wake wa cumaco, nchito yake ndi kucigawa kwa oyenela. Conco wogula aonetsetse kuti wamasiye ndi ana avomeleza, woyang'anila cuma wasaina, ndipo pali mboni. Kupeleka ndalama kwa m'bale mmodzi amene mwakumana naye pa msika wa Katete Stores ndi kugula mlandu.

Dzimbili ndiye mdani wamkulu

Injini ingathe kupasulidwa n'kumangidwanso, koma bodi yowola imadya ndalama zopanda malile. Ife kuno tili ndi mwai umodzi. Ku Britain amathila mcele m'miseu nthawi yozizila ndipo mcelewo umadya mamotoka kunsi, pamene kuno kulibe zimenezo. N'cifukwa cake motoka imene yakhala moyo wake wonse ku Zambia, ku Malawi kapena ku Zimbabwe nthawi zambili imakhala yolimba kunsi kuposa yoitanitsa ku Ulaya. Cimene cimaononga yathu ndi dzuwa, limene limang'amba dashibodi ndi mphila za m'magalasi, ndiponso mvula ya November mpaka April imene imalowela m'ming'alumo n'kukhala pansi pa kapeti.

Mtengo wa mango umapeleka mthunzi koma umagwetsanso masamba. Masambawo amatseka timabowo totulutsila madzi kunsi kwa galasi la kutsogolo, madzi n'kumadikha pamenepo. Pa Mercedes SLC malo amenewa ndi odziwika kuti amawola, ndipo kuwakonza kumafuna kucotsa dashibodi yonse. Conco tukulani makapeti, cotsani tayala la sipeya mu buti, gwadani muone kunsi kwa zitseko ndi malo oikapo jeke. Tengani sikuludilaiva muzibaya paliponse pamene penti yatupa. Tenganinso maginito, pakuti pamene anamata fila maginito sagwila. Cikomekome ca nkuyu mkati muli nyelele. Motoka imene yangopakidwa penti yatsopano kuti igulitsidwe muziikayikila kuposa yosuluka.

Werengani zimene zilipo ndi zimene zinasowa. Apa pali nzelu imodzi yopulumutsa ndalama. Injini, giyabokosi ndi zitsulo zambili za kunsi kwa 280 CE n'zofanana ndi za 280 E ya zitseko zinayi, ndipo 504 Coupé ya masilinda 4 ili pa ubale womwewo ndi 504 imene aliyense amaidziwa. Zimenezo zingapezeke. Koma magalasi, zitseko ndi zitsulo zonyezimila za m'mbali ndi za coupe yokhayo. Motoka yakufa injini koma yokwana magalasi ndi malaiti ndi yabwino kuposa yolila koma yosweka galasi la kumbuyo.

Musathamangile kuliza injini

Colakwa cimene ambili amacita ndi kubweleka batile, kuthila petulo wa m'cigubu n'kupotoza kiyi kuti amve ngati ilila. Injini imene yagona zaka 15 ilibe oilo m'malo ofunika, ndipo masekondi ocepa angathe kuononga cimene cikanapulumuka. Cotsani mapulagi, thilani oilo pang'ono mu silinda iliyonse, dikilani masiku angapo, kenako tembenuzani injini ndi sipanala pamanja. Ikazungulila bwino, khetsani oilo yakale ndi kusintha fyuluta. Pa injini za V8 za Mercedes onaninso cheni ca taimingi ndi mapulasitiki amene cimatsetselekapo, cifukwa akakalamba amathyoka, cheni n'kulumpha, mavavu n'kumenyana ndi mapisitoni.

Petulo wokhalitsa amasanduka ngati ulimbo. Thanki icotsedwe ndi kutsukidwa, ndipo mapaipi onse a mphila a mafuta asinthidwe ngakhale akuoneka abwino. Ma SLC alibe kabuleta. Oyamba ali ndi makina a Bosch ochedwa D-Jetronic, ndipo a pambuyo pake ali ndi K-Jetronic, amene amakankha petulo ndi mphamvu yoposa kawili mphepo ya mu tayala. Paipi yakale ikaphulika pamwamba pa injini yotentha, nchito yonse imathela m'moto. Cozimila moto cizikhala pafupi nthawi zonse. Mawaya nawo muwatsate limodzi ndi limodzi, pakuti makoswe a m'nkhokwe amakonda kumanga zisa kuseli kwa dashibodi.

Mu ladiyeta musamathile madzi a pa mjigo okha. Madzi otele amasiya zoyela zimene zimatseka timipata, ndiponso amadya mutu wa injini wa aluminiyamu. Sakanizani ndi mankhwala ake a mu ladiyeta. Dziwaninso kuti mamotokawa anapangidwa pa nthawi ya petulo wa mtovu, amene anathelatu pa dziko lonse mu 2021. Injini za mutu wa aluminiyamu zambili zimayenda bwino ndi petulo wa lelo, koma zina za mutu wacitsulo zimafuna kusinthidwa pokhalila mavavu.

Mabuleki patsogolo, penti pamapeto

Mtima umafuna kuyamba ndi penti kuti anthu aone. Koma dongosolo labwino ndi ili: mapepala, bodi, mabuleki ndi chiwongolelo, injini, magetsi, mipando, ndipo penti pamapeto. Mafuta a mabuleki amayamwa cinyezi ndipo amafunika kusinthidwa zaka ziwili zilizonse. Pa motoka yogona, mapaipi ndi mphila zonse za mabuleki zisinthidwe popanda kukambilana. Fumbi la mabuleki akale musaliuzile ndi pakamwa kapena ndi kompulesa, cifukwa ambili anali ndi asibesito amene amaononga mapapo. Lipukuteni ndi nsalu yonyowa.

Tayala limakalamba ngakhale lisanayende. M'mbali mwake muli manambala anayi oonetsa sabata ndi caka cimene linapangidwa, mwacitsanzo 2318 kutanthauza sabata ya 23 ya caka ca 2018. Mukapeza manambala atatu cabe, tayalalo linapangidwa caka ca 2000 cisanafike ndipo malo ake ndi pa ngolo. Mu mseu wa Great East mumayenda malole akuluakulu, mabasi, njinga, ng'ombe ndi ana a sukulu, ndipo motoka yolemela ngati SLC ikaphulika tayala pa liwilo siipha woyendetsa yekha.

Pogwila nchito, musalowe kunsi kwa motoka yoimikidwa pa jeke yokha kapena pa njelwa, pakuti njelwa imaphwanyika mosacenjeza. Gwilitsilani nchito zoimikila zacitsulo pa malo olimba. Powochelela, cotsani thanki ndi batile coyamba. Penti imafuna nyengo youma, koma mphepo ya August imaulutsa fumbi, conco pezani cipinda cotseka ndipo muwaze madzi pansi.

Ndalama ndi banja

Tinene zoona. Nthawi zambili ndalama zimene munthu amathela pa kuutsa motoka yakale zimaposa zimene angapeze ataigulitsa. Amene amapindula ndi aja ali ndi motoka yosowa kwambili, yokwana zonse ndiponso ya mapepala abwino. Kwa ena tonse iyi ndi nchito yokondweletsa mtima, osati bizinesi. Masipeya ena amapezeka ku Lusaka ndi ku Lilongwe, ena ku Johannesburg, pakuti South Africa yakhala ikulumikiza ma Mercedes ku East London kwa zaka zambili. Ena amaitanitsidwa pa intaneti kucokela ku Germany kapena ku France. Ciliconse colowa m'dziko cimalipilidwa msonkho ku Zambia Revenue Authority, ndipo mtengo wake umakwela ndi kutsika pamodzi ndi dola.

Kuno kwathu ndalama zimabwela ndi zokolola, kaya ndi cimanga, thonje, soya, mpendadzuwa, nshawa kapena fodya. Conco patulani kacigawo kodziwika mukagulitsa mbeu, mutacotsa kale za feteleza, za sukulu ndi za matenda. Gulani buku lolembamo ngwee iliyonse. Amai a kunyumba adziwe zonse kuyambila tsiku loyamba, cifukwa motoka yobisa mtengo wake yapasula mabanja. Mukamapeleka nchito kwa makaniko kapena kwa owongola mabodi, gwilizanani cigawo cimodzi pa nthawi imodzi ndipo muzilipila cikatha. Mamotoka ambili amene anapasulidwa ndi colinga cabwino anafela m'galaji, zitsulo zake n'kumasowa cimodzicimodzi. Pomasula ciliconse jambulani cithunzi ndi foni, mabauti muwaike m'timapepala tolembedwa. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ganizilaninso kumene mudzaiyendetsa. Coupe ndi yotsika, ndipo siinapangidwile miseu ya m'midzi ya ku Vubwi nthawi ya dzinja. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, koma miseu yambili yolowa m'midzi ikali yafumbi. Wokhala kutali ndi tala afunika kupeza malo osungila pafupi ndi mseu waukulu, okhala ndi denga ndi simenti pansi. Ndipo isanaponde pa mseu ikhale ndi fitinesi, msonkho wa pamseu ndi inshuwalansi monga motoka ina iliyonse. Ukalamba wa motoka si cilolezo.

Luso limene likupita ndi eni ake

Pali cinthu cina cimene tikutaya pamodzi ndi zitsulozi. Amakaniko amene anaphunzila nchito pa ma Peugeot ndi ma Land Rover amadziwa kumva matenda a injini ndi khutu, kuchuna kabuleta, kupanga gasiketi ndi lumo, ndi kuwongola citsulo ndi hamala m'malo mosintha citseko conse. Ambili a iwo tsopano ndi okalamba. Acinyamata a lelo, ngakhale ocokela ku Chipata Trades, amakumana kwambili ndi mamotoka oyezedwa ndi kompyuta, kumene nchito ndi kucotsa cakufa n'kuikapo catsopano. Zonse ziwili n'zofunika, koma luso loyamba lija likapita silidzabwelanso.

Motoka imodzi yakale ingathe kukhala sukulu. Amene mwayamba nchitoyi itanani mdala wodziwa, mum'lipile moyenela, ndipo pambali pake paime mnyamata kapena mtsikana wofuna kuphunzila. Wosoka mipando, wowochelela, wamagetsi ndi wopaka penti onse adzapezapo kangacepe, ndipo ndalamazo zidzazungulila mu Katete ndi mu Sinda momwemo. Tsiku limene motokayo idzafika pa Mkaika pa mwambo wa Kulamba kumapeto kwa August, pamene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi, onse amene anaigwilapo adzakhala ndi coloza.

Inu amene muli nayo pakhomo

Si motoka iliyonse imene ingauke. Ina inawola mpaka msana, ndipo imeneyo ipite ku sikelo, koma mutayamba mwacotsa magalasi, malaiti, mabampa, mawochi a pa dashibodi ndi zizindikilo za dzina, pakuti zimenezo pazokha zingagulitsidwe kwa wina amene akuutsa yake. Ngati ili yolimba koma mulibe ndalama kapena cidwi, musavomele mtengo woyamba. Lembani dzina lake, caka ndi nambala ya chassis, jambulani zithunzi, funsani anthu awili kapena atatu odziwa, ndipo ikani cidziwitso m'nyuzipepala monga muno.

Pakali pano pali zinthu zosafuna ndalama zimene mungacite sabata ino. Sesani masamba pamwamba pake ndi kutsegula timabowo ta madzi. Ikankhileni pansi pa denga, kapena imangileni kacisakasa ka udzu m'malo moikulunga ndi pulasitiki imene imasunga cinyezi. Tulutsani nkhuku ndi matumba a feteleza, pakuti feteleza amadya citsulo msanga. Uzani ana asiye kuswa magalasi ndi malegeni. Ndipo funani white book muiike pamodzi ndi mapepala ena ofunika a banja, mvula isanayambe.